Njanji zanga zikulumikizana bwino pa kompyuta, koma zikuoneka za chidole. Ndisinthe pulogalamu?

Funso

Mchimwene wanga amene amagwira ntchito ku England anandibweretsera kasitima ka Hornby ka sikelo ya OO: mutu umodzi wa dizilo, mabogi atatu a anthu, ena ochepa a katundu, ndi njanji zongokwana kuzungulira kamodzi. Ana anakula n'kusamuka, ndiye ndili ndi chipinda cha mamita 3 m'litali ndi mamita 2.7 m'lifupi. Ndinaika AnyRail, pulogalamu yojambulira mapulani a njanji, pa laputopu, ndipo ndajambula mapulani ambirimbiri oti akwane pa bolodi la pulayiwudi lija akalipentala amati 8 by 4. Zidutswa zonse zikulowana, koma ndikayang'ana ndimangoona zoseweretsa ana. Sizikufanana n'komwe ndi njanji imene ndinkakwera kuchoka ku Limbe kupita ku Balaka. Ndikufuna pakhale siteshoni, mlatho, phanga, njanji ina yodutsa pamwamba pa inzake, komanso sitima ya malasha. Kodi pali pulogalamu ina yabwino kuposa imeneyi?

Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho

Zikomo bambo. Pulogalamu musasinthe. AnyRail yagwira ntchito imene anaipangira: yakuuzani kuti chidutswa ichi chikulowana ndi icho, kuti kona yakwana pa bolodi, kuti mapoyinti, zidutswa zimene njanji imagawikirapo pawiri, mukufunika angati. Chimene singakuuzeni n'chakuti sitimayo ikuchokera kuti, yanyamula chiyani, ndipo ikaima pa siteshoni ichitapo chiyani. Njanji yeniyeni inayalidwa ndi anthu owerengera ndalama. Palibe kampani imene imayala njanji yachiwiri kungoti poti malo alipo. Chitsulo chilichonse chili ndi ntchito yake. Koma pa kompyuta chidutswa n'chaulere, ndiye dzanja limangowonjezera mpaka bolodi lonse litadzaza. Mapulani anu akuoneka a chidole chifukwa cha zimenezo.

Nkhani ya mapulogalamu tithane nayo msanga. AnyRail ndi SCARM zimayenda pa Windows, ndipo iliyonse ili ndi mtundu waulere wokhala ndi malire: AnyRail imakulolani zidutswa 50, SCARM 100. XTrackCAD ndi yaulere yonse, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo mutha kuyendetsamo sitima pa pulani imene mwajambula, kungoti kuizolowera kumafuna kudekha. Eni Mac alinso ndi RailModeller Pro. Templot, imene analemba Martin Wynne wa ku Britain, ndi ya anthu odzipangira okha mapoyinti kuchokera ku zitsulo zosalumikiza. Imeneyo isiyeni kaye. Malire a zidutswa 50 aja ine sindiwatenga ngati chilango. Mukamagwiritsa ntchito flexi track, njanji yotheka kuipinda mmene mukufunira, imene ya kampani ya Peco chidutswa chimodzi chimatalika mamilimita 914, pulani yabwino ya chipinda ngati chanucho siyenera kupitirira pamenepo kwenikweni. Pulogalamu ikayamba kukana kuti muwonjezere, dzifunseni kaye ngati simunayambe kudzaza.

Tsopano masamu, ndipo ndi owawa. OO ndi 1:76, kutanthauza kuti chilichonse chachepetsedwa maulendo 76. Kilomita imodzi ya njanji yeniyeni ikufuna mamita 13 pa tebulo. Makona a Hornby amene amawatcha second radius ali ndi radius ya mamilimita 438, kutanthauza mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika pakati pa njanji. Chulukitsani ndi 76, mupeza mamita 33. Sitima ya anthu siingakhote pa kona yotero; makona a njanji zenizeni amayezedwa m'mamita mazanamazana. Kona ya mamita 300 mutaichepetsa bwinobwino ingafune radius ya pafupifupi mamita 4, ndipo bwalo lake silingalowe m'chipinda chanu ngakhale mutagumula khoma. Choncho tonse okonda tisitimati timabera. Luso lagona pa kusankha pobera: kona yakuthwa ibisike kuseri kwa phiri kapena kwa nyumba, pamene maso akuona pakhale kona yoyenda pang'onopang'ono, mtunda wa pakati pa masiteshoni ufupikitsidwe, koma kayalidwe ka njanji pa siteshoni penipenipo katsate zenizeni.

Mndandanda wanu uja, siteshoni, mlatho, phanga, njanji yapamwamba, malasha, wandikumbutsa kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala zimakoka mabogi oposa 100. Ngakhale bogi lililonse litakhala la masentimita 12 okha, amenewo ndi mamita 12, mutu usanawerengedwe. Mukaifupikitsa kukhala ya mabogi asanu ndi limodzi, sikhalanso sitima ya malasha imene anthu a ku Balaka ndi ku Machinga amaidziwa, ija imati ikayamba kudutsa mumadikira mpaka kutopa. Katswiri wa mapulani a njanji zotere wa ku America, John Armstrong, ankalangiza kuti munthu asanajambule kanthu alembe zinthu m'magulu awiri: zimene sangasinthe, monga kukula kwa chipinda, pamene pali chitseko ndi sikelo imene anagula kale, ndi zimene mtima ukungolakalaka. Gulu lachiwirili mulisanje kuyambira chimene mukuchifuna kwambiri, ndipo mukhale wokonzeka kudula chakumunsi.

Mwanena nokha chimene mtima wanu uli nacho: njanji ya Limbe kupita ku Balaka, gawo la njira yopita ku Salima imene inatha kumangidwa mu 1935. Kumbukirani mmene imaonekera. Ndi njanji imodzi yokha. Pakapita mtunda pamakhala siteshoni yaing'ono pamene njanji imagawika pawiri kuti sitima zidutsane, kenako n'kubwereranso kukhala imodzi. Mwina pamakhala kanjanji kena kapambali kosiyapo bogi la katundu. Kanyumba ka siteshoni, msewu wafumbi wodutsa njanji, minda, milambe mukamayandikira ku Balaka, amayi ogulitsa zakudya m'mawindo. Mapoyinti atatu kapena anayi basi, china chonsecho ndi dziko. Pa pulani yooneka yeniyeni, malo ambiri sakhala ndi njanji ayi. Mukafuna kuonjezera chidwi, tengerani nzeru pa Nkaya, pamene njanji ya mu 1970 inapatukira kum'mawa kulowera ku Liwonde, Nayuchi mpaka ku Nacala: poyinti imodzi yopatukira kwina imapatsa siteshoni yanu chifukwa choti sitima ziziima, zizidikirana ndi kusinthana mabogi.

Tsegulani Google Earth, mupeze siteshoni imodzi yaing'ono ya pa njira imeneyi. Njanji zimaoneka ndithu kuchokera kumwamba, ndipo muli chida choyezera mtunda. Werengani mapoyinti, onani mbali imene kanjanji kapambali katulukira, onani pamene msewu wadutsa. Ambiri mwa mapulogalamuwa amalola kuika chithunzi pansi pa pulani kuti muzijambula pamwamba pake. Kutalika mudzadula, mwina kukhale gawo limodzi mwa magawo anayi, koma dongosolo lake musalisinthe. Mukafuna kukaona ndi maso, imani pa pulatifomu kapena pa msewu. M'njanji musayendemo, ndipo pojambula zithunzi m'kati mwa siteshoni yambani mwapempha.

Kenako lembani pa pepala tsiku limodzi la siteshoniyo, kompyuta ili chitsekere. Sitima ya anthu yafika kuchokera ku Limbe, yaima, ikudikira ya katundu yochokera ku doko. Ya katunduyo yasiya bogi la feteleza pa kanjanji kapambali, yatenga la nandolo limene linadzazidwa dzulo. Kuti itero, mutu uyenera kumasuka, uzungulire mabogi ake, ukankhe bogilo cham'mbuyo. Mwaona? Nkhani yokhayi yakuuzani kale kuti mukufunika podutsana pa mapoyinti awiri, ndi poyinti yachitatu ya kanjanji kapambali. Njanji iliyonse imene simungaitchule m'nkhani yotereyi ifufuteni.

Bolodi la 8 by 4 ndilo likukupwetekani kwambiri. Ndi mamita 2.44 ndi 1.22. Mukaligunditsa kukhoma, dzanja silifika kuseri: munthu wamkulu amagwira ntchito bwino mpaka masentimita 60, akadzikakamiza 75, ndipo sitima zimakonda kugwera kumene dzanja silifika. Mukaliika pakati, m'mbali mumatsala tinjira topapatiza. Ndiye m'lifupi mwa mamita 1.22 simungalowe kona yoposa ya radius ya mamilimita 572, imenenso imakhala m'mphepete penipeni, moti njanji imangotsata mbali za bolodi, ndipo diso limaona bwalo lonse nthawi imodzi. Sitima ikuthamangitsa mchira wake, inu mukuonerera kuchokera pamwamba. Palibe njanji ya padziko imene munaionapo chonchi.

Dulani pulayiwudi ikhale mashelefu a masentimita 45 kapena 50 m'lifupi, muwamange mozungulira makoma, inu mukhale pakati. Bwalo la pa bolodi lija silifika mamita 6. Kuzungulira makoma kukupatsani oposa 8, makona a radius ya masentimita 75, ndi malo oimapo a mamita 2 ndi 1.7. Chachikulu n'chakuti simungaone zonse nthawi imodzi. Muyenera kutembenuka kuti muitsate sitima, ndipo ikakhala kumbuyo kwanu ili ngati yapita. Mashelefuwo akwere, mamita 1.2 kuchokera pansi kapena kuposerapo pang'ono, kuti muziiona sitima cham'mbali ngati mwaima kumunda. Kona yakuthwa sioneka kwambiri mukaiyang'ana motero. Pa chitseko pamafunika kachigawo konyamula kapena kopindikira m'mwamba. Ngati zimenezo zikukuopsani, musatseke bwalolo: njanji iyambire mbali ina ya chitseko n'kukathera mbali inayo, sitima izipita ndi kubwerera monga imachitira yeniyeni.

Choncho chinthu choyamba kujambula mu AnyRail si njanji. Ndi chipinda. Yezani makoma onse anayi ndi tepi pa msinkhu umene shelefu idzakhale, chifukwa nyumba zathu zambiri ngodya zake sizikhala zowongoka ndendende, ndipo masentimita atatu osowa amakwana kuwononga kona. Ikanimo chitseko ndi mmene chimatsegukira, windo, soketi ya magetsi. Kenako jambulani mashelefu ndi poima inu. Njanji zibwere pomaliza.

Tiyeni tiyeze siteshoni ija pamodzi, chifukwa apa ndi pamene pulogalamu imathandiza zedi. Ikani mutu wanu ndi mabogi atatu a anthu pa tebulo, olumikizidwa, muyeze. Mabogi a anthu a OO ambiri amakhala pafupifupi masentimita 26 lililonse, mutu wa dizilo pafupifupi 25, ndiye sitima yonse ndi masentimita 105 kapena chapompo. Poyinti ya medium radius ya m'gulu la njanji za Peco lotchedwa Streamline ndi yotalika mamilimita 219. Sitima siingaime pamene poyinti yathera; njanji ziwirizo zimakhala zisanatalikirane mokwanira, ndipo sitima yodutsa ingakhule pangodya ya bogi. Siyani masentimita 10 ena mbali iliyonse. Werengani: 22, 10, 105, 10, 22. Mwafika masentimita 170 musanaike kanjanji kapambali. Tsopano yang'anani khoma lanu la mamita 3. Makona awiri a masentimita 75 adya mita imodzi ndi theka, njanji iyenera kutalikirako kukhoma, ndiye powongoka patsala mita imodzi ndi pang'ono. Siteshoni sikukwana.

Apa anthu ambiri amafupikitsa podutsana, kenako amadzadabwa kuti sitima yawo sikulowamo. Musatero. Lolani siteshoni ilowe m'makona. Peco ili ndi mapoyinti okhota, njanji yakunja ya radius ya mamilimita 1,524, yam'kati 762. Mukaika imodzi pothera kona, podutsana payambira pomwepo ndipo mwapulumutsa malo ambiri. Njanji za pa siteshoni penipenipo musaziwongole ndi lula motsata m'mphepete mwa shelefu. Zipendekeko pang'ono, kapena zikhote mofatsa kwambiri, radius ya mamita atatu kapena anayi, kona yoti munthu sangaitchule kona. Mabogi akamadutsa pamenepo amaoneka olemera. Zimenezi simungazichite ndi zidutswa za m'bokosi. N'chifukwa chake flexi track ili yofunika.

Mapoyinti amene amabwera ndi maseti a Hornby, ofanana ndi a Peco Setrack, amapatuka ndi madigiri 22.5 pa radius ya mamilimita 438, ndipo njanji ziwiri zoyandikana zimatalikirana mamilimita 67. A Streamline amapatuka ndi madigiri 12, ndipo njanji zimayandikana mpaka pafupifupi mamilimita 50. Kusiyana kumeneku diso limakuona msanga kuposa china chilichonse. Pamene pakuoneka gwiritsani ntchito a Streamline; akale aja akagwire ntchito kobisika. Koma samalani: mamilimita 50 ndi a powongoka. Pa kona, bogi lalitali limatulutsa mphuno kunja ndi mimba m'kati, ndipo sitima ziwiri zikakumana pamenepo zimagundana. Pulogalamu siidziwa kutalika kwa mabogi anu pokhapokha mutaiuza, ndipo ingakusiyeni mujambule njanji ziwiri zoyandikana pa kona popanda kudandaula. Pa makona a masentimita 75 onjezerani mpata ufike cha m'ma 60, kenako mudzayese ndi mabogi enieni.

Pali misampha ina iwiri imene pa sikirini imaoneka yokongola. Woyamba ndi kona yopita kumanja yolumikizana mwachindunji ndi ina yopita kumanzere. Bogi lakutsogolo mchira wake ukuponyedwa uku, lakumbuyo mphuno yake ikuponyedwa uko, zolumikizira zimakokana mpaka lina kuchoka m'njanji, makamaka sitima ikamabwerera m'mbuyo. Pakati pa makona otere pakhale powongoka potalika ngati bogi lanu lalitali kwambiri. Kumbukirani kuti poyinti nayonso ndi kona. Msampha umenewu umakonda kubisala pamene poyinti yatsatana ndi kona yopita kwina. Wachiwiri ndi kuchoka powongoka kulowa m'kona mwadzidzidzi. Njanji yeniyeni imayamba kukhota pang'ono, kukhotako n'kumakula mpaka kufika pa radius yake. M'mapulogalamu amati easement. AnyRail imatha kusandutsa flexi track kukhala yotero, XTrackCAD imatha kuziika yokha. Ngakhale ya masentimita 30 yokha imathetsa kudzidzimuka kuja kumene mutu umachita polowa kona. Ine ndingasankhe kona ya masentimita 65 yokhala ndi easement kusiyana ndi ya 75 yopanda. Mu AnyRail mulinso poikira radius yochepetsetsa imene mukulola; ikani mamilimita 600, ndipo flexi track iliyonse imene mwaipinda mopitirira idzaonetsa chizindikiro chofiira.

Njanji yodutsa pamwamba pa inzake ija ndikukupemphani muisiye. Kuti sitima ya OO idutse pansi, kuchokera pa chitsulo chapansi kufika pa chitsulo chapamwamba pamafunika pafupifupi masentimita 8, mutawerengera thabwa ndi njanji yapamwambayo. Chitunda chimene mitu yambiri imakwera bwino itakoka mabogi ndi cha 1 pa 50, kukwera sentimita imodzi pa masentimita 50 alionse. Pulogalamu idzalemba kuti 2%. Masentimita 8 afuna mamita 4 okwera ndi mamita 4 otsika. Amenewo ndi mamita 8, njira yanu yonse, ndipo siteshoni ilibenso pokhala, pakuti bogi losiyidwa pa mtsetse limathawa lokha. Mukati mupanikize chitundacho chikhale 4%, pulogalamu ivomera, koma mutu wanu udzangopukusa mawilo pakati pa kona, poti kona nayo imalemeretsa katundu. Komanso poyambira ndi pothera chitunda pamafuna kupindika pang'onopang'ono, apo ayi zolumikizira zimamasuka, ndipo poyinti siyenera kukhala pamenepo.

Njanji ikhale pa levulo imodzi, dziko ndilo lizikwera ndi kutsika. Pa khoma limodzi tsitsani shelefu ndi masentimita 10 kapena 15, njanji idutse pa mlatho, pansi pakhale mtsinje. Mlatho wanu mwaupeza popanda chitunda. Usakhale wa pa Shire ku Liwonde, umenewo ungadye khoma lonse. Kamlatho ka pa mtsinje wouma m'chilimwe, mchenga uli mbee, n'kokwanira. M'malo mwa phanga, sitima ilowe pamene njanji inadula chulu cha phiri, makoma a dothi lofiira mbali zonse, kenako isowe kuseri kwa mitengo. Maso a munthu wodziwa njira ya ku Balaka adzakhulupirira zimenezo msanga kuposa khomo la phanga la njerwa zachingelezi.

Ikasowa kuseri kwa mitengoko ikupita kuti? Khoma limodzi lonse mulipereke ku malo osungirako sitima, amene Angelezi amati fiddle yard: njanji zitatu kapena zinayi zopanda zokongoletsa, iliyonse yokwana sitima yathunthu. Anthu ongoyamba kumene amaona ngati n'kuwononga malo, ndipo ndi chinthu choyamba chimene amafufuta pulani ikathina. Koma kumeneko ndiye ku Limbe, ndiye ku Nacala, ndiye ku Kanengo. Popanda malo amenewa sitima ilibe kochokera. Ndi kumenenso mapoyinti akale ndi makona a mamilimita 438 aja adzagwire ntchito, ngakhale kuti kobisika ndi kumene njanji iyenera kuyalidwa mosamala kwambiri, popeza maso sakhalako. Musakutsekere ndi denga. Chikhale chotchinga chakutsogolo chokha, dzanja lizilowa kuchokera pamwamba.

Mukaona kuti kuzungulira chipinda chonse kwakula poyambira, yambani ndi shelefu imodzi. Alan Wright wa ku Britain anatchukitsa pulani yaing'ono yotchedwa Inglenook Sidings: mapoyinti awiri, tinjanji titatu tokwana mabogi 5, 3 ndi 3, ndi njanji yokokerako yokwana mutu ndi mabogi atatu. Pa mabogi 8 mumasankha 5 mwamaere n'kuwasanja m'ndondomeko imene yagwa. Ndondomeko zotheka zilipo 6,720. Ndi mabogi aafupi a katundu imakwana pa shelefu yosafika mamita awiri, ndipo idzakuphunzitsani za kutalika kwa njanji kuposa mmene sikirini ingachitire. Mukaijambula mwanzeru, idzakhala mbali ya katundu ya siteshoni yanu yaikulu m'tsogolo.

Za magetsi ndinenepo chimodzi chokha chokhudza pulani. Pa njanji ya zitsulo ziwiri ngati yanuyi, chitsulo china ndi waya wina, chinacho waya winanso. Mukajambula njanji imene imazungulira n'kubwerera pa iyo yokha sitima itatembenuka, kapena mphambano ya makona atatu yotembenuzira mutu, chitsulo chakumanja chimakakumana ndi chakumanzere, ndipo imeneyo ndi shoti. Zimatheka kukonza, podula zitsulo zonse ziwiri malo awiri ndi kuikapo siwichi kapena kachipangizo kotembenuza magetsi, koma pa pulani yoyamba pewani. Tsatani chitsulo chimodzi ndi chala kuzungulira pulani yonse. Mukapezeka mwafika pa chinzake, pali vuto.

Mwina mukudzifunsa ngati sitima ya ku Britain ingayenere pakati pa milambe. Njanji za kuno, monganso za ku Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, mpata wa pakati pa zitsulo ndi mamilimita 1,067, pamene za ku Britain ndi 1,435. Njanji ya OO ndi ya mamilimita 16.5, imene mukaichulukitsa ndi 76 ikupereka 1,254: yopapatiza kwa Angelezi eni ake, yotakata kwa ife. Ofuna kulondola ndendende amatenga sikelo ya HO, 1:87, pa njanji ya mamilimita 12, kapena sikelo ya 1:64 pa njanji ya 16.5 yomweyi, monga amachitira ambiri ku New Zealand, kumene mpata wa njanji ndi wofanana ndi wathu. Njira zimenezo zimafuna kudzipangira mabogi ambiri pamanja. Inu muli kale ndi sitima m'manja, yendetsani imeneyo. Mlendo wolowa m'chipindamo adzazindikira kanyumba ka siteshoni, mtundu wa dothi ndi njanji imodzi yosowera m'tchire. Mamilimita awiri ndi theka amene mpata wa njanji ya OO wapyola nawo muyezo wakuno sadzawaona. Mukadzafuna kupenta kapena kumanga zofanana ndi zakuno, ku Museum ya ku Chichiri, pafupi ndi kwanu komweko, kuli mitu yakale ya sitima za nthunzi yoti mungaiyang'ane modekha.

Musanakhulupirire pulani yomaliza, onani zinthu zingapo m'pulogalamumo. Sankhani gulu la njanji lenileni limene mudzagule, kampani yake ndi code yake, chifukwa poyinti ya kampani ina siifanana kutalika ndi ya ina. Code ndi msinkhu wa chitsulo: code 100 ndi yaitali, code 75 ndi yaifupi ndipo imaoneka bwino, koma mawilo a sitima zakale za makampani a Lima ndi Tri-ang ali ndi milomo yakuya imene imagunda pa code 75. Poti zambiri zimene zimatipeza kuno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo njanji zanu za Hornby ndi code 100, khalani pomwepo. Chinanso, mapulogalamuwa amalola zidutswa kulumikizana ngakhale zitaphonyana pang'ono, malinga ndi malire amene aikidwa. Chepetsani malirewo. Kuphonyana kwa digiri imodzi kapena awiri pa sikirini sikuoneka, koma pa tebulo kumakhala kachigongono pa mfundo, ndipo pamenepo mawilo adzadumphapo masiku onse. Pulogalamu idzakupatsaninso mndandanda wa zidutswa zonse ndi manambala ake. Umenewo ndi umene mudzatumize kwa achimwene anu, ndipo poti katundu wochokera ku England kapena ku Johannesburg sabwezeka ngati wa pa golosale, onetsetsani dzanja la poyinti iliyonse, lamanja kapena lamanzere, ndipo muonjezere flexi track imodzi kapena ziwiri za podula molakwika.

Kenako tulukani m'kompyuta. Sindikizani pulaniyo pa kukula kwake kwenikweni, 1:1. Khoma limodzi lokha lingadye mapepala a A4 pafupifupi 30, ndiye sindikizani pokhala mapoyinti pokha, zotsalazo mujambule ndi pensulo ndi kachingwe pa makatoni. A Peco amaikanso pa intaneti zithunzi za mapoyinti awo zoti munthu asindikize kwaulere. Uzani wa pa pulinta kuti asachepetse kuti zikwane pa pepala, ndipo pepala likatuluka yezani pakati pa zitsulo ndi lula: pakhale mamilimita 16.5. Yalani mapepalawo pa shelefu, ikanipo mabogi enieni, ndipo nyumba muziyerekeze ndi timabokosi ta sopo ndi ta machesi. Sewerani tsiku lija munalemba, la feteleza ndi nandolo, mukukankha mabogi ndi chala. Apa ndi pamene mudzaone kuti chigongono chanu chikugunda pamene munafuna kuika mlambe, kapena kuti njanji yokokerako yaperewera ndi theka la bogi. Pulatifomu musaijambulire pa kompyuta: gwirizitsani pensulo pangodya ya bogi lalitali, kenako pakati pake, muliyendetse pa njanji, mizere iwiriyo ikuonetsani pamene m'mphepete muyenera kuthera.

Palinso chinthu chimene pulogalamu yolembedwa ku Ulaya siingakuchenjezeni. Chitsulo cha njanjizi chimatalika chikatenthedwa: chidutswa cha mamilimita 914 chimaonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita kutentha kukakwera ndi madigiri 20, ndipo chipinda cha malata chopanda siling'i chimasintha kuposa pamenepo pakati pa June ndi October. Matabwa nawo amafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe. Pentani pulayiwudi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete musanayale kanthu, ndipo miyendo ya mashelefu isagunde pansi pamene chiswe chingakwerere. Mukamayala njanji nthawi yozizira, siyani kampata kolowa khadi la pepala pa mfundo za powongoka. Mukamayala m'nyengo yotentha, kampatako kachepe. Mfundo zonse musaziwotcherere pamodzi, apo ayi tsiku lina masana mudzapeza njanji itadzipinda yokha. Magetsi aziyenda pa mawaya awiri okulirapo pansi pa shelefu, ndipo chidutswa chilichonse cha flexi track chikhale ndi timawaya take totsikira kumeneko. Malo a timawayato alembeni pa pulani yosindikizayo musanaboole, kuti asagwere pa mtanda wa shelefu kapena pansi pa poyinti.